Bambo apezeka ndi Covid-19 ndipo atibweza kunyumba: tiwasamale bwanji, nanga jakisoni wachiwiri uja?

Naphiri

Moni nonse muno, ndithandizeni nzeru. Bambo anga ali ndi zaka 64, amadwala shuga ndi BP, ndipo dzulo awapeza ndi Covid-19 pa chipatala chaching'ono cha kwathu kuno. Kuphwanya m'thupi ndi chifuwa zinayamba Lachisanu, lero ndi Lachiwiri. Adokotala anati popeza akupuma bwinobwino akakhale kunyumba, ndipo anangowapatsa panado. Nyumba yathu ndi ya zipinda ziwiri ndi balaza, tilimo anthu 6: bambowo, ine, mchimwene wanga, mlamu wanga yemwe ndi woyembekezera, ndi ana awiri.

Azakhali akuti tiwafukize bulugama pa mbaula atafunda bulangeti. Amalume akuti tikagule azithromycin ndi dexamethasone ku famasi, ati ndi zomwe amapereka ku zipatala zikuluzikulu. Komanso bambo anabayitsa AstraZeneca kamodzi, ndipo pa khadi analemba kuti akabayitse kachiwiri Lachinayi sabata yamawa. Apite kapena adikire? Nanga ndidziwa bwanji kuti tsopano zafika pothamangira nawo kuchipatala? Lero thupi lazizirako, ndiye aliyense pakhomo pano akuti achira.

Namwino wa Usiku

Pepani ndi matendawa, achemwali. Ndiyambe ndi mawu anu omalizawo, chifukwa ndi pomwe anthu ambiri amagwera m'mbuna. Thupi likazizira sindiye kuti mapapo ali bwino. Masiku oyamba a matendawa ndi a kutentha thupi, litsipa ndi kuwawa kwa pakhosi. Kenako mwa anthu ena, makamaka achikulire ndi a shuga, pakati pa tsiku la 5 ndi la 10 mapapo amatupa ndipo mpweya sulowanso bwino m'magazi. Muziwerenga kuyambira tsiku lomwe zizindikiro zinayamba, osati lomwe anayezetsa. Lachisanu ndi tsiku loyamba, choncho lero ndi la 5. Sabata yoti musagone tulo tofa nato ikuyamba lero lino.

Choyamba, werengani kapumidwe kawo katatu pa tsiku: m'mawa, masana ndi usiku. Akhale pansi apume kaye mphindi 5, inu muyang'ane chifuwa chikamakwera ndi kutsika, muwerenge kwa mphindi yathunthu pa wotchi ya foni. Musawauze kuti mukuwerenga, chifukwa munthu akadziwa amasintha kapumidwe. Wamkulu wabwinobwino amapuma ka 12 mpaka 20 pa mphindi. Zikadutsa 24 ali chikhalire, akaonedwe tsiku lomwelo. Zikafika 30, nyamukani nthawi yomweyo ngakhale pakati pa usiku. Manambalawo muzilemba pa kapepala pamodzi ndi nthawi, chifukwa 18, kenako 22, kenako 25 ndi uthenga womveka kuposa nambala imodzi.

Ngati mungathe kugula kapena kubwereka kachipangizo kopanira pa chala kaja, ka pulse oximeter, chitani choncho. Matendawa ali ndi chinyengo chake: mpweya m'magazi umatha kutsika kwambiri munthu akucheza bwinobwino osabanika. Koma kachipangizoka kamanamanso mukakagwiritsa ntchito molakwika. Chala chikhale chofunda (ngati chazizira chitikiteni kaye), chopanda utoto wa m'zikhadabo, dzanja likhale pa ntchafu osagwedezeka, ndipo mudikire mphindi imodzi nambala ikhazikike. Pamatuluka manambala awiri. Ya mpweya ndi yolembedwa SpO2, inayo ndi kugunda kwa mtima, ndipo anthu ambiri amazisokoneza n'kuchita mantha ndi 78 yemwe ndi wa mtima. Ikakhala 95 kapena kuposa, zili bwino. Pa 93 kapena 94 yezaninso pakatha ola limodzi ndipo mulankhule ndi achipatala. Ikafika 92 kapena kutsika, pitani, musadikire kuti ifike 90. Ndikutero chifukwa pa khungu lakuda ngati lathuli tizipangizoti timatha kuonetsa nambala yokwererapo pang'ono kuposa mmene zilili.

Ngakhale kachipangizoko kasonyeze zabwino, izi zikaoneka musazengereze: kulephera kumaliza chiganizo osaima kuti apume, kubanika pongopita kuchimbudzi, kuwawa kapena kulemera pachifuwa kosatha, kubwebweta kapena kugona mosadzutsika, kusanza chilichonse chomwe amwa, kutha tsiku lonse osakodza. M'mabuku amati milomo imasanduka yabuluu, koma pa ife izi sizioneka msanga. Tsegulani pakamwa muone lilime, nkhama ndi mkati mwa milomo ngati zatuwa ngati phulusa.

Pogona asamagone chagada nthawi yaitali. Azigona chafufumimba mphindi 30 mpaka maola awiri, pilo pansi pa chifuwa, kenako cham'mbali, kenako akhale tsonga atatsamira, azingosinthasintha choncho. Mbali yaikulu ya mapapo ili cha kumsana, ndiye kugona chafufumimba kumaitsegula. Asachite izi atangomaliza kudya. Ndipo si mankhwala: nambala ikatsika, kutembenuza munthu sikulowa m'malo mwa mpweya wa okosijeni.

Galimoto muipangane lero, nambala ya dalaivala ikhale m'foni, ndalama ya mafuta ikhale padera. Munthu wobanika sayenda wapansi ndipo sakwera kabaza. M'galimoto mawindo onse atsegule, onse avale masiki, mutenge buku lawo la kuchipatala ndi mapaketi onse a mankhwala omwe amamwa, ndipo pa geti munene msanga kuti ndi wodwala Covid yemwe akubanika. Lunjikani pomwe pali okosijeni, chipatala chachikulu cha m'boma lanu kapena monga Queen Elizabeth, Kamuzu Central, Zomba kapena Mzuzu. Mukasowa wofunsa, Chipatala Cha Pa Foni pa 54747 ndi chaulere pa Airtel.

Wogawa Mankhwala

Anamwino anena zofunika kwambiri. Ine ndiyankhe za amalume, mwaulemu ndithu: sananame kuti dexamethasone amaperekedwa kuchipatala, koma amaperekedwa kwa ndani? Kafukufuku wa RECOVERY wa ku Britain, yemwe zotsatira zake zinatuluka mu Juni 2020, anapeza kuti mankhwalawa amachepetsa imfa mwa odwala omwe ali kale pa okosijeni kapena pa makina opumira. Mwa omwe sanali pa okosijeni sanathandize konse. Chifukwa chake n'chomveka: dexamethasone amagonetsa chitetezo cha m'thupi. Mapapo akatupa, kuchigonetsako kumapulumutsa. Koma mukachigonetsa m'masiku omwe chikulimbana ndi kachilombo, mwathandiza mdani. Kwa bambo anu pali vuto lachiwiri, loopsa kwambiri: mankhwalawa amakweza shuga modetsa nkhawa, mpaka munthu kukomoka. Mu wadi amayeza shuga pafupipafupi ndipo amakhala ndi insulini pafupi. Kunyumba mulibe zimenezo. Musagule.

Azithromycin, amoxicillin ndi anzawo amapha mabakiteriya, osati vairasi. Kafukufuku yemweyo anayesa azithromycin komanso hydroxychloroquine, ndipo onse awiri sanachepetse imfa. Adokotala angawapatse ngati aona kuti chibayo cha mabakiteriya chalowererapo, koma zimenezo amaweruza atamvetsera pachifuwa, osati ife pakhomo. Mukangomwetsa, phindu lake ndi kutsegula m'mimba, ndipo kwa munthu wa shuga kutaya madzi ndi chiyambi cha mavuto a impso.

Panado uja si kunyozera ayi, ndi mankhwala oyenera. Mapiritsi awiri a 500 mg pa maola 6 alionse ngati thupi latentha kapena akumva kuwawa, osapitirira mapiritsi 8 pa maola 24. Ngati ndi ochepa thupi kwambiri, osafika makilogalamu 50, kapena amamwa mowa kwambiri, amwe limodzi pa nthawi. Chenjerani ndi mankhwala a chimfine a m'magolosale: ambiri ali kale ndi paracetamol mkati, ndiye munthu amamwa panado, n'kuwonjezera a chimfine, mlingo n'kupitirira osadziwa, chiwindi n'kuwonongeka. Werengani pa paketi. Brufen, diclofenac ndi indocid apewe, amapweteka impso za munthu wa shuga ndi BP yemwe sakumwa madzi okwanira.

Funso lomwe simunafunse: kodi malungo anawayeza? Ino ndi nthawi ya mvula, ndipo munthu amatha kukhala ndi zonse ziwiri nthawi imodzi. Kupezeka ndi Covid sikuchotsa malungo. Ngati sanabaye chala, kapena thupi likatenthanso ndi kunjenjemera, akayezedwe. Zotsatira zimatuluka pa mphindi 20 zokha. LA amwe pokhapokha atapezeka nawo.

Tsopano shuga. Matenda aliwonse amakweza shuga, koma kusadya kumamutsitsa, ndiye mukuyenda pa chingwe. Ngati ali pa insulini, asasiye. Ngati amamwa glibenclamide koma nsima yawakanika, shuga amatha kugwa: thukuta lozizira, kunjenjemera, kuyankhula zosamveka. Zikatero sungunulani masupuni aang'ono atatu kapena anayi a shuga mu theka la kapu ya madzi amwe, kenako adye phala, ndipo achipatala adziwe tsiku lomwelo. Ngati akomoka musawathire kanthu mkamwa, thamangani nawo. Metformin wa shuga ndi mankhwala ena a BP monga enalapril ndi HCTZ amafuna kuunikidwanso munthu akamasanza kapena kutsegula m'mimba kwambiri, choncho izi zikayamba funsani adokotala tsiku lomwelo, musangosiya kapena kupitiriza mwa inu nokha. Ngati muli ndi kamakina koyezera shuga, yezani kanayi pa tsiku.

Madzi amwe pang'onopang'ono koma pafupipafupi, mkodzo uzioneka woyererako. Akatsegula m'mimba, paketi imodzi ya Thanzi mu lita imodzi ya madzi owiritsa, wotsala pakatha maola 24 mutaye. Zakumwa za m'mabotolo zotsekemera zija zomwe timakonda kupatsa odwala, kwa iwowa ayi.

Za azakhali: tiyi wa ndimu ndi jinja amafewetsa pakhosi, apatseni, bola wopanda shuga wambiri. Koma nthunzi siifika komwe kachilombo kali, ndipo mbaula pansi pa bulangeti ndi msampha. Makala amatulutsa mpweya wakupha wopanda fungo womwe umalanda malo a okosijeni m'magazi, ndipo choipitsitsa n'chakuti kachipangizo ka pa chala kaja kamasonyezabe 97 kapena 98 munthu akutha. Onjezanipo mphika wa madzi owira pamiyendo ya munthu wofooka, ana awiri akuthamanga m'nyumba. Mbaula isalowe m'chipinda chawo, ngakhale kukazizira bwanji.

Mlangizi wa Zaumoyo

Ine ndikambe za nyumbayo. Anthu 6 m'zipinda ziwiri, mawu oti "adzipatule" amamveka ngati chipongwe, koma zilipo zotheka. Bambo atenge chipinda chimodzi okha, chomwe chili ndi windo lotseguka. Mlamu wanu ndi ana agone m'chipinda chinacho, otsala pa balaza. Kachilomboka kamayenda kwambiri mumpweya wa m'nyumba yotseka, makamaka mtundu wa Omicron uwu womwe unalengezedwa ku South Africa mu Novembala 2021. Choncho windo ndi lofunika kuposa kukolopa. Chitseko cha chipinda chawo chikhale chotseka, windo lotsegula usana wonse ndipo usiku losiyako mpata, agone mu neti. Masana ngati ali ndi mphamvu akhale panja pamthunzi, ndi pabwino kuposa m'nyumba.

Wowasamalira akhale mmodzi, ndipo asakhale mlamu wanuyo. Mukamalowa nonse awiri muvale masiki, yophimba mphuno ndi pakamwa, osati yolendewera pachibwano. Ya nsalu ikhale ya magawo atatu, ikanyowa musinthe, muichape ndi sopo tsiku lililonse ndi kuyanika padzuwa. Mukatuluka sambani m'manja ndi sopo masekondi osachepera 20, madzi ochita kuthira, osati m'beseni limodzi la onse. Kapu, mbale ndi supuni zawo zikhale zawozawo, ndipo kudyera mbale imodzi kuyambe kwaima. Makhololo alavulire m'kachitini kokhala ndi chivindikiro, mukatayire m'chimbudzi.

Popukuta zogwirira zitseko, ndowa ndi pachimbudzi, onani pa botolo la Jik mphamvu yake. Ngati palembedwa 3.5%, thirani masupuni aakulu awiri mu lita imodzi ya madzi. Yambani mwapukuta ndi sopo chifukwa litsiro limapha mphamvu ya kolorini, kenako pakani madziwo muwasiye mphindi imodzi. Musungunule atsopano tsiku lililonse. Osasakaniza ndi mankhwala ena otsukira, osapopera pathupi, osamwa.

Kubindikira kumatha liti? Muyezo womwe bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linapereka mu 2020 unali masiku 10 kuchokera pomwe zizindikiro zinayamba, kuwonjezapo masiku atatu opanda kutentha thupi ndi zizindikiro za m'chifuwa, osadalira panado. Kwa bambo anu tsiku la 10 ndi Lamulungu likubwerali, ndiye Lachinayi la pa khadi lija ndi lothina kwambiri. Kufooka kumatha kukhalapo masabata angapo, osadabwa. Koma chifuwa chikapitirira masabata awiri, makamaka ndi thukuta la usiku ndi kuwonda, akapereke makhololo ayeze TB. Ambiri achedwa kupezeka nayo chifukwa chilichonse ankati ndi Covid.

Obwera kudzazonda matenda aime pabwalo. Kuwabweza azakhali pakhomo n'kovuta, ndikudziwa, koma auzeni kuti ndi lamulo la achipatala, mlandu ugwere ife.

Naphiri

Zikomo kwambiri nonse. Ndawerenga pompano, akupuma ka 19, ndalemba. Malungo sanayeze, tipita mawa m'mawa. Mbaula ndaibweza kukhitchini. Nanga katemera uja tsiku likadutsa ndiye kuti ayambirenso? Komanso mlamu wanga ndi mchimwene wanga sanabayitse. Mlamu akuopa kuti mimba ichoka, mchimwene amamwa ma ARV ndipo anamva kuti katemerayu amaundanitsa magazi, ena akuti kuno amabweretsa wotha ntchito.

Wobaya Katemera

Mayi Naphiri, Lachinayi bambo asapite. Munthu sabayidwa akudwala, pa zifukwa ziwiri: angapatsire anzake pa mzere, komanso thupi likatentha mawa lake simungadziwe ngati ndi katemera kapena matenda akukula. Adikire achire ndipo masiku obindikira athe. Kudwalaku kwawapatsanso chitetezo cha miyezi ingapo, moti mu 2021 WHO inkalola munthu kudikira mpaka miyezi 6 atadwala. Koma kwa munthu wa zaka 64 wa shuga ndi BP sindingalangize kutalikitsa choncho. Akangopeza mphamvu, pakatha masabata angapo, apite ndi khadi lawo. Sayambiranso. Tsiku la pa khadi ndi loti asabwere msanga kuposa pamenepo, si loti likadutsa woyamba uja wafufutika. AstraZeneca amagwira bwino pakakhala mpata wa masabata 8 mpaka 12, ndipo kupitirirapo sikuwononga kanthu. Kungoti jakisoni mmodzi satchinga mokwanira, ndiye musawerenge kudwala kwawoku ngati umboni woti katemera ndi wachabe. Ntchito yake yaikulu ndi kuletsa matenda kufika pa okosijeni ndi pa imfa, osati kuletsa chifuwa chilichonse.

Inu nonse a m'nyumbamo mwakhudzana ndi wodwala, choncho musapite pa mzere sabata ino. Katemera satseka matenda omwe alowa kale, amafuna masiku 14 kuti thupi lipange chitetezo. Yemwe wayamba zizindikiro akayezetse. Masiku 14 akatha muli bwino, kabayitseni.

Mlamu wanu: mimba si choletsa, ndi chifukwa chobayitsira. Covid amavuta kwambiri mwa amayi oyembekezera, makamaka miyezi yomaliza pomwe mimba yakankhira mapapo m'mwamba, ndipo amachititsa ana kubadwa masiku asanakwane. Mu AstraZeneca, Johnson & Johnson kapena Pfizer mulibe kachilombo ka corona kamoyo, choncho sangadwalitse mayi kapena mwana, ndipo amayi ochuluka omwe abayidwa m'maiko osiyanasiyana sanaonetse kuchuluka kwa kupita padera. Akanene ku sikelo kuti akufuna katemera, anamwino amuuza womwe ulipo. Thupi likatentha atabayidwa amwe panado. Akadzabereka, kuyamwitsa kupitirire. Koma panopa, popeza wodwala ali m'nyumba, iyeyu akangomva kutentha thupi kapena kubanika apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Mchimwene wanu: ma ARV ndi katemera sizilimbana. Amwe mankhwala ake pa nthawi yake ngakhale tsiku lobayitsalo, ndipo sakakamizidwa kuulula pa mzere. Za kuundana kwa magazi si bodza, koma n'zosowa kwambiri, zimachitikira anthu owerengeka mwa anthu zikwi mazanamazana obayidwa AstraZeneca kapena Johnson & Johnson, kawirikawiri pa jakisoni woyamba. Covid yemweyo amaundanitsa magazi kawirikawiri kuposa pamenepo. Chofunika ndi kudziwa kusiyanitsa. Mkono kuwawa, litsipa, kuzizidwa ndi kuphwanya m'thupi tsiku loyamba ndi lachiwiri ndi zachizolowezi, zimatha zokha. Zoopsa zimabwera mochedwerapo, kuyambira cha pa tsiku la 4 mpaka masabata anayi: mutu kuwawa kwambiri kosamva panado, kuona zinthu ziwiriziwiri, m'mimba kupweteka kosalekeza, mwendo umodzi kutupa, timadontho ta magazi pansi pa khungu kutali ndi pobayidwa. Zikatero apite kuchipatala ndipo atchule tsiku lomwe anabayidwa. Kwa Pfizer choyang'anira ndi china: anyamata ena ochepa amamva kuwawa pachifuwa ndi mtima kuthamanga m'masiku ochepa atabayidwa kachiwiri, nazonso n'zokaonetsa.

Za wotha ntchito: nkhaniyi inachokera pa katemera wa AstraZeneca yemwe anafika kumapeto kwa Malichi 2021 kudzera ku African Union atatsala ndi masabata osakwana atatu, tsiku lake lotha linali 13 Epulo. Wotsala sanabayidwe kwa anthu. Pa 19 Meyi 2021 boma linawotcha poyera milingo 19,610 ku Kamuzu Central Hospital, nduna ya zaumoyo ya nthawiyo Khumbize Chiponda ali pomwepo. Mchimwene wanuyo ali ndi ufulu wopempha kuona botolo, tsiku lotha ntchito limalembedwapo, ndipo nambala ya gulu la botololo imalembedwa pa khadi.

Kanthu kena koti musakhumudwe nako: mukafika n'kuuzidwa kuti dikirani anthu achuluke, si ulesi. Katemerayu amasungidwa pa madigiri 2 mpaka 8, ndipo botolo likatsegulidwa liyenera kutha pa maola 6, lotsala limatayidwa. La AstraZeneca lomwe tinalandira kwambiri kuno linkabaya anthu 10, la Johnson & Johnson 5, la Pfizer 6. Ndiye pitani m'mawa, ndipo mukapita atatu pamodzi mwafupikitsa kudikira. Idyani kaye, valani malaya osavuta kukwinya mkono, ndipo mukabayidwa khalani pompo mphindi 15, kapena 30 ngati munatupapo nkhope kapena kubanika ndi mankhwala ena. Musatikite pobayidwapo kapena kumatapo zitsamba, kansalu konyowa ndi madzi ozizira n'kokwanira. Khadi mulijambule pa foni.

Namwino wa Usiku

19 ndi yabwino, achemwali. Muwerengenso cha m'ma 9 usiku uno, ndipo kamodzi muwadzukire pakati pa usiku mungomvetsera kapumidwe kawo muli pakhomo. Mawa popita koyezetsa malungo avale masiki, adikire panja osati pa benchi ya anthu ambiri, ndipo mupemphe kuti awayezenso shuga ndi mpweya pa chala ali pomwepo. Muwerengenso kapumidwe akangofika kuchipatalako, kenako atapuma mphindi 5. Ngati nambala yachiwiriyo sikubwerera pansi pa 24, muwauze adokotala musanachoke.